Wilbur Smith Anakulira M'mbali mwa Kafue, Nanga Nkhani Zathu Adzalemba Ndani?

Akonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndikambepo za munthu amene anabadwira m'dziko lathu lino la Zambia, amene mabuku ake anafika m'manja mwa anthu miyandamiyanda padziko lonse, koma amene achinyamata ambiri a mu Lusaka sadziwa n'komwe kuti mchombo wake unagwera kuno. Munthuyu ndi Wilbur Smith, mlembi wa mabuku a nkhani zopeka ndiponso wa nkhani za mafilimu. Chimene chandichititsa kutenga cholembera ndi zimene ndinakumana nazo masiku apitawa mumsewu wa Cairo, pamene ndinaima pa mnyamata wina amene amayala mabuku akale pansi, pakhonde la masitolo. Pakati pa mabuku a masamu ndi a sayansi a Giredi 12 panali buku la When the Lion Feeds, chikuto chitang'ambika, masamba atafiira ndi fumbi. Ndinaligula, ndipo mnyamatayo akundibwezera chenji ndinamufunsa ngati akudziwa kwawo kwa mlembi wa bukulo. Anandiyankha mwaulemu kuti ayenera kukhala wa ku America, poti kumeneko ndiko kumachokera mabuku aakulu otere. Nditamuuza kuti munthuyo anakulira kufupi ndi Mazabuka, pa msewu womwewu wopita ku Livingstone, anandiyang'ana modabwa, nandifunsa chifukwa chake kusukulu sanawauzepo zimenezi. Funso lakelo landikhala pamtima kufikira lero.

Wilbur Addison Smith anabadwa pa 9 Januwale 1933, dziko lino likutchedwa Northern Rhodesia. Bambo ake, a Herbert Smith, anali mmisiri wa zitsulo ndi malata, ndipo atapeza bwino anatsegula famu ya ng'ombe ya maekala 25,000 m'mbali mwa mtsinje wa Kafue, kufupi ndi Mazabuka. Dzina loti Wilbur anamutcha potengera Wilbur Wright, mmodzi mwa abale awiri aja amene anayamba kuulutsa ndege. Ali ndi chaka chimodzi ndi theka anadwala malungo aakulu okhudza ubongo, omwewa amene mpaka pano akutilanda ana m'midzi mwathu, koma iye anachira. Ubwana wake unathera pafamupo, akuyendayenda m'tchire ndi ana a antchito a bambo ake, akutchera mbalame ndi tinyama. Mayi ake, a Elfreda, ndiwo anali okonda mabuku, ndipo ankamuwerengera usiku uliwonse asanagone, pamene bambo ake ankaona kuti kukhalira mabuku n'kutaya nthawi kwa mwana wamwamuna, kotero kuti mnyamatayo ankachita kubisala kuti awerenge.

Atafika msinkhu wa sukulu anamutumiza kutali, ku Natal m'dziko la South Africa, kumene anaphunzira pa sukulu zogonera komweko za Cordwalles ndi Michaelhouse. Kuchoka apo analowa Rhodes University mumzinda wa Grahamstown, natenga digiri ya zamalonda mu 1954. Pa tchuthi ankagwira ganyu m'migodi ya golide ndi m'zombo za asodzi, ndipo zimene maso ake anaona kumeneko zinadzamuthandiza m'tsogolo. Mtima wake unali pa utolankhani, koma bambo ake anamuuza kuti afune ntchito yeniyeni, motero anakhala wowerengera ndalama. Makolo a kuno kwathu tingawamvetse bwino bambo amenewo, pakuti ifenso mwana akatiuza kuti akufuna kudzakhala mlembi, timayamba tamufunsa chimene adzadye. Smith anagwira ntchito ku Port Elizabeth, kenako ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, kumene anakathera mu ofesi ya misonkho. Buku loyamba limene analemba, The Gods First Make Mad, makampani osindikiza mabuku analikana motsatizana, ndipo pa nthawiyo n'kuti banja lake loyamba litatha, m'thumba mulibe kanthu.

Ambiri akanasiyira pomwepo, koma iye anayambanso lina akugwirabe ntchito ya misonkho, ndipo limeneli ndilo ndinagula mumsewu wa Cairo lija. Kampani ya William Heinemann ya ku London inalisindikiza mu 1964, chaka chomwecho chimene mbendera ya Britain inatsika mu Lusaka usiku wolowa pa 24 Okutobala. Ine zinthu ziwirizi ndimaziika pamodzi nthawi zonse. Pamene ife tinkalandira dziko lathu, mwana wa mzungu wa pafamu ya ku Kafue anali kuyamba ntchito yofotokozera dziko lonse lapansi mmene Africa alili, ndipo dziko lapansilo linamumvera kwa zaka zoposa 50. Ku Heinemann anakumana ndi Charles Pick, amene anakhala mlangizi wake kwa zaka zambiri. Malangizo amene Pick anamupatsa, monga Smith mwini ankawafotokozera, anali akuti azilemba zokhazo zimene akuzidziwa bwino, asamalembe pofuna kusangalatsa osindikiza, ndiponso asamakambe za buku lisanalembedwe. Ndionjezepo kuti nthambi ina ya Heinemann yomweyo ndiyo inayambitsa mndandanda wa mabuku a alembi a mu Africa mu 1962, mmene munatulukira buku la a Kenneth Kaunda la Zambia Shall Be Free. Choncho mawu a mzungu wa pafamu ndi mawu a mtsogoleri wa omenyera ufulu ankatulukira pafupifupi pakhomo limodzi, ngakhale kuti sanafike kutali mofanana.

Ine ndinamudziwa Smith m'zaka za m'ma 1970, ndili pa sukulu ya sekondale yogonera komweko kum'mawa kwa dziko lino. Buku limodzi linkazungulira chipinda chonse chogona, aliyense akulipatsidwa masiku awiri kapena atatu, ndipo amene wachedwa nalo anzake ankamulondalonda mpaka kumunda wa sukulu. Chingerezi chathu chinali chopereŵera, mawu ambiri tinkangowalumpha, komabe sitinkatha kulisiya. Nditakhala mphunzitsi wa Chinyanja ndinayamba kudzifunsa chimene chinkatigwira chotero, ndipo ndinapeza kuti luso lake silinali lachilendo kwenikweni kwa ife amene tinakulira pa nthano za madzulo. Wokamba nthano wodziwa ntchito yake akangoti "padangokhala", ife n'kuvomera kuti "tili tonse", sachedwa ndi mawu oyamba ambiri, amamutulutsa Kalulu n'kumuika m'mavuto nthawi yomweyo. Smith ankachita chimodzimodzi. Buku lija limayamba ndi anyamata awiri amapasa, Sean ndi Garrick Courtney, amene atenga mfuti ya bambo awo mobisa kupita nayo kosaka, ndipo ngozi imene ikuchitika tsiku limenelo, pamene Garrick akutaya mwendo, ndiyo ikuwatsata moyo wawo wonse kupyola m'nkhondo ya Azulu ya 1879 mpaka ku migodi ya golide ya ku Witwatersrand. Mlandu wa pachibale umene sunaweruzidwe, n'kumakula pamodzi ndi eni ake, ndi nkhani imene Mchewa aliyense amaimva popanda womasulira.

Chachiwiri chimene anachidziwa n'chakuti anthu amakonda kutsata mtundu, kudziwa kuti uyu anabereka yani ndipo chuma chinapita kwa yani. Banja la Courtney analitsata m'mabuku ambiri, kutsogolo mpaka nthawi ya tsankho la ku South Africa, ndiponso kumbuyo mpaka zaka za m'ma 1600 m'buku la Birds of Prey la 1997. Mu 1980 anayamba banja lina, la Ballantyne, m'buku la A Falcon Flies, ndipo kudzera mwa iwo anafotokoza za Cecil Rhodes, za Lobengula ndi za kulandidwa kwa dziko limene lero ndi Zimbabwe. Mu 1993 anadabwitsa omuwerenga ndi River God, nkhani ya ku Egypt wakale yokambidwa ndi kapolo wanzeru wotchedwa Taita. Wowerenga akalowa m'banja limodzi mwa amenewa sankatulukamo, ankadikira buku lotsatira ngati mmene timadikirira uthenga wa kumudzi.

Za mafilimu zinabwera msanga. Buku lake lachiwiri kusindikizidwa, The Dark of the Sun la 1965, lonena za asilikali aganyu pa nthawi ya chipwirikiti cha ku Congo, linasanduka filimu mu 1968, ndipo Rod Taylor ndiye anali mutu wa osewera. Pambuyo pake Smith anayamba kugwira nawo yekha ntchito yolemba nkhani za mafilimu. Iye ndi Stanley Price analemba filimu ya Gold ya 1974, yochokera m'buku lake la Gold Mine, mmene munasewera Roger Moore, amene pa nthawiyo anali atangoyamba kumene kusewera ngati James Bond. Analemba nawonso Shout at the Devil ya 1976, mmene Moore anasewera ndi Lee Marvin. Mafilimu onse awiriwa anawatsogolera ndi Peter Hunt. Filimu ya Gold inajambulidwa ku South Africa tsankho lili pachimake, ndipo bungwe la ogwira ntchito za mafilimu ku Britain linatsutsa zimenezo. Smith mwini anadzavomereza kuti ndalama za mafilimu zinayamba kumukopa, kufikira poti ankalemba buku maso ali pa filimu, ndipo anachita kudzibweza dala kuti abwerere ku ntchito ya mabuku. Pamenepa ndimamulemekeza, chifukwa anazindikira kuti ntchito ziwirizi n'zosiyana. Pa filimu mlembi ndi mmodzi chabe mwa ambiri, ndipo mawu ake amasinthidwa ndi wotsogolera, wolipira ndalama ndi wosewera, pamene m'buku zonse zimene munthu akuganiza mumtima zimatheka kulembedwa, ndipo mlembi amayankha yekha mlandu wa chiganizo chilichonse.

Pamene ankamwalira ku Cape Town pa 13 Novembala 2021, ali ndi zaka 88, anali atatulutsa mabuku 49, ndipo makope oposa 140 miliyoni anali atagulidwa m'zinenero zoposa 30. Chiwerengero chimenechi ndi chachikulu kopitirira kawiri kuposa cha anthu onse a mu Zambia, Malawi ndi Zimbabwe mutawaphatikiza. Kuyambira mu 2012 anagwirizana ndi osindikiza kuti mabuku ena azilemba mothandizana ndi alembi ena, ndipo ine ndinene poyera kuti mabuku a nthawi imeneyo sandikoma ngati akale, chifukwa fungo la fumbi ndi thukuta limene linali m'mabuku oyamba silimvekamo kwenikweni. Mu 2015 iye ndi mkazi wake anakhazikitsa bungwe la Wilbur and Niso Smith Foundation, limene limapereka mphoto kwa olemba nkhani za maulendo ndi zoopsa, ndipo mu 2018 anatulutsa mbiri ya moyo wake, On Leopard Rock.

Tsopano ndifike pa chimene chandivuta zaka zonsezi, chimene sindikanatha kumuuza mnyamata uja titaima pakhonde magalimoto akudutsa. Pamene tinkawerenga mabukuwa m'chipinda chogona chija, aliyense wa ife ankadziyesa Sean Courtney. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziyesa Mbejane, Mzulu wamphamvu ndi wokhulupirika amene amayenda pambuyo pa Sean, ngakhale kuti mwa anthu onse a m'bukumo iye ndiye ankafanana nafe khungu. Tinkasekerera pamene mzungu wapambana, osazindikira kuti ogonjawo anali agogo athu. Ndinadzazindikira zimenezi nditakula, ndipo zinandipweteka. M'mabuku ake ambiri oyambirira munthu wakuda amakhala wantchito wokhulupirika, kapena mdani woopsa, kapena gulu losawerengeka limene likugwa ndi zipolopolo, ndipo kawirikawiri sitimva chimene mkazi wake akuganiza kapena chimene ana ake adya usiku umenewo. Ngakhale mufilimu ya Gold, wa mumgodi wakuda wotchedwa Big King ndi munthu wolimba mtima amene akutaya moyo wake populumutsa mgodi, koma nkhaniyo si yake, ndi ya bwana.

Taganizirani za famu ija ya maekala 25,000. Dera la Mazabuka ndi la Atonga, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 boma la atsamunda linadula malire a malo osungirako anthu akuda kuti nthaka yabwino ya m'mbali mwa njanji ikhale ya alimi achizungu. Ana aja amene ankatchera naye mbalame anali ana a anthu amene ankaweta ng'ombe za mwini wake pa nthaka ya makolo awo. Iye anakwera sitima kupita kusukulu ku Natal, iwo anatsala pafamu. Dziko lonse likudziwa zimene mwana wa bwana anaona m'tchire la Kafue, pamene zimene anaona anzakewo, amene ankalidziwa tchirelo kuposa iye ndipo mwina ndiwo anamuphunzitsa kutchera msampha, zinapita nawo kumanda.

Buku limene limandivuta kwambiri ndi The Sunbird la 1972. Mmenemo katswiri wofukula zakale akupeza mzinda wotayika wotchedwa Opet m'dziko la Botswana, womangidwa ndi anthu ochokera ku Carthage, mzinda wakale wa kumpoto kwa Africa, kutsidya kwa chipululu. Wina anganene kuti n'zopeka chabe, koma aliyense wodziwa mbiri ya chigawo chino akudziwa chimene nkhani yotere inkatanthauza m'chaka chimenecho. Atsamunda anakhala akukakamira kuti mabwinja a Great Zimbabwe sakanamangidwa ndi anthu akuda, ngakhale kuti David Randall-MacIver mu 1905 ndiponso Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anafukula pamalopo n'kuonetsa kuti omanga anali anthu a mu Africa. Mu 1970 katswiri wina, Peter Garlake, anachoka mu Rhodesia chifukwa boma la Ian Smith silinkafuna kuti choonadi chimenechi chizinenedwa poyera. Patangopita zaka ziwiri kunatuluka buku lokoma, logulidwa kwambiri, limene linkathirira bodza lomwelo. Bodza likakhala m'nkhani yokoma limalowa mozama kuposa likakhala m'chikalata cha boma, chifukwa wowerenga amalimeza mtima uli m'malo. Chikomekome cha mkuyu, akuluakulu anati, m'kati muli nyerere.

Sindikufuna kumunamizira munthu amene sangadziyankhirenso. Boma la tsankho la South Africa linaletsa When the Lion Feeds kugulitsidwa m'dzikomo, kotero sanali mwana wokondedwa wa bomalo. M'mabuku ake a m'zaka za m'ma 1980 muli anthu akuda olemera maganizo, monga Tungata Zebiwe m'buku la The Leopard Hunts in Darkness, amene ali ndi zolinga zawozawo ndipo sayenda pambuyo pa munthu. Nyama, mitengo, mitsinje ndi kununkhira kwa mvula yoyamba anazilemba ngati munthu amene anazikonda kuchokera pansi pa mtima, ndipo ndikawerenga malo amenewo ndimazindikira dziko langa. Iye anatsatira malangizo a Charles Pick mokhulupirika, analemba chimene ankachidziwa, ndipo chimene ankachidziwa chinali Africa woonedwa kuchokera pakhonde la nyumba ya pafamu. Mlandu waukulu suli pa iye ayi. Uli pa ife amene tikudziwa Africa wa kuseri kwa nyumbayo, wa kukomboni ndi wa kumudzi, koma sitinamulembe mokwanira ndiponso mokoma kotero kuti mwana wa sukulu n'kubisala naye m'bulangeti usiku.

Ndipereke chitsanzo cha Shout at the Devil. Nkhaniyo inachitikira ku German East Africa pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya padziko lonse, ndipo inatengera za chombo cha nkhondo cha Ajeremani cha Königsberg chimene chinabisala m'matsiriro a mtsinje wa Rufiji mpaka kuwonongedwa mu 1915. Nkhondo yomweyo makolo athu ankaitcha ya chiwaya, ndipo kuno kwathu ndi kumene inathera, pakuti mkulu wa asilikali a Germany, von Lettow-Vorbeck, anamva za kutha kwa nkhondo ali pa mtsinje wa Chambeshi, nakagonjera ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala, pa 25 Novembala 1918. Amene anasenza nkhondo imeneyo pamutu anali amtengatenga, amuna a m'midzi yathu amene ankagwidwa kuti anyamule ufa, zipolopolo ndi mahema mitunda yosaneneka, ambiri n'kufera m'njira ndi njala ndi matenda. Agogo anga aamuna anali mmodzi mwa iwo. Ndikukumbukira akutikambira pamoto mmene ankamangira nsanza kumapazi otupa, ndi mmene mnzawo wa m'mudzi umodzi anamusiyira pansi pa mtengo ali moyo chifukwa kapitawo sanalole kuti gulu liime. Agogowo anamwalira ine ndisanaganize zolemba mawu awo, ndipo zimene ndikukumbukira lero ndi zidutswa chabe. Roger Moore ndi Lee Marvin anaonetsedwa padziko lonse akusewera nkhondo imeneyo, koma wonyamula katundu amene anaimva m'mafupa sanapeze womulemba m'chinenero chimene iye analirira.

Nkhani zotere zili mbwee. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu Novembala 1835 dzuwa litada masana. Mu 1898 asilikali a Britain anathyola ufumu wa Mpezeni, ndipo mwana wake Nsingo, amene anatsogolera nkhondo, anaomberedwa. Mu 1935, Smith ali ndi zaka ziwiri, ogwira ntchito m'migodi ya kopa ananyanyala, ndipo ku Luanshya apolisi anapha anthu 6. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 Atonga okwana 57,000 a m'chigwa cha Gwembe ndi kutsidya kwake anasamutsidwa kuti damu la Kariba lidzaze, nasiya manda a makolo awo pansi pa madzi. Ndipo m'chaka cha 1970, chomwe Smith anatulutsa Gold Mine, buku lonena za achuma akunja amene akonza chiwembu chodzaza mgodi ndi madzi kuti apindule, mgodi weniweni wa Mufulira unadzaza matope pa 25 Sepitembala, n'kupha amuna 89. Amasiye a amuna amenewo ena akadali moyo, ana awo timakwera nawo minibasi tsiku ndi tsiku. Onjezanipo za matchona amene anapita ku Halale ndi ku Joni osabwerako, ndi za akazi amene anawadikira mpaka imvi. Mlembi waluso akanapeza m'zimenezi mabanja oti awatsate mibadwo isanu, ndipo sakanafunikira kupeka mzinda wotayika.

Sikuti tilibe pogwira. M'chaka chomwe Smith anabadwa, 1933, a Samuel Josia Ntara a ku Malawi anatulutsa Nthondo m'chinenero chathu chomwechi, ndipo bukulo linamasuliridwa m'Chingerezi chaka chotsatira. Ife a msinkhu wanga tinakula tikuunjikana pa wailesi kumvera a Julius Chongo m'pulogalamu ya Poceza M'madzulo, ndipo ndikunenetsa kuti pa luso logwira womvera kuti asachoke pampando, a Chongo sankachepa kwa Smith ngakhale pang'ono. Masiku ano Namwali Serpell, wobadwira mu Lusaka, anatulutsa The Old Drift mu 2019, buku lotsata mabanja atatu m'mbiri ya Zambia, ndipo Rungano Nyoni, wobadwiranso mu Lusaka, analemba ndi kutsogolera yekha filimu ya I Am Not a Witch ya 2017, imene inalandira mphoto ya mafilimu ya ku Britain yotchedwa BAFTA. Amenewa atisonyeza kuti dziko lapansi lili ndi khutu lomvera nkhani zathu zikakambidwa ndi ife eni. Komabe mukayenda m'masitolo a mabuku a mu Lusaka kufuna buku la nkhani yaitali la m'Chichewa limene munthu wamkulu angawerenge pofuna kusangalala, mupeza kuti pafupifupi onse amene alipo ndi a silabasi, olembedwa kuti mwana akhoze mayeso. Osindikiza amati mabuku a m'zinenero zathu sagulidwa, ogula amati palibe choti agule, ndipo chaka chimatha aliyense akuloza mnzake chala.

Pa zaka zimene ndinaphunzitsa ndinaona ana ambiri aluso, amene chimangirizo chawo chinkandichititsa kuiwala kuti ndikuchonga. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa iwo amene ndamva kuti anatulutsa buku. Chimene anasowa si luso, koma zinthu ziwiri zimene Smith anali nazo. Choyamba ndi khama lobwerera pa tebulo buku loyamba litakanidwa, n'kumalemba tsiku ndi tsiku ngati mlimi amene sayembekeza kuti mtima umuuze kaye kuti apite kumunda. Chachiwiri, chimene ndi chachikulu, ndi munthu ngati Charles Pick, wowerenga zolemba zako mosamala, wokuuza mosabisa pamene palakwika, ndiponso wokhala ndi khomo loti akutsegulire. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mlembi amene alibe mkonzi amangolembera m'kabati. Ine ndemwe ndili ndi makope atatu a nkhani ya agogo anga imene ndinaitumiza kwa osindikiza ena zaka zapitazo, ndipo sindinalandire ngakhale kalata yoikana, imene ikanandiuza pofunika kukonza.

N'chifukwa chake, Akonzi, pempho langa ndalibweretsa kwa inu. Tipatseniko tsamba limodzi pa sabata la nkhani yopeka yopitirira, yolembedwa m'Chichewa, yoti chigawo chilichonse chizithera pamene wowerenga afunitsitse kugula nyuzipepala ya sabata yotsatira, ndipo muziyiikanso pa intaneti kuti achinyamata aziiwerenga pa foni zawo. Olemba musawasankhe potengera masatifiketi, chifukwa wodziwa kukamba nkhani angakhale mayi wogulitsa kapenta ku msika wa Soweto kapena kondakitala wa basi ya ku Chipata. Amene zolemba zawo simunazitenge muziwayankha, ngakhale ndi mizere itatu yokha yowauza chimene chaperewera. Nkhani ikatha ndipo anthu aikonda, isonkhanitseni ikhale buku la mtengo woti munthu wamba angakwanitse, ndipo muwaitane opanga masewero a pa wailesi ndi pa TV kuti adzaione, pakuti iwonso amasowa nkhani zolimba ndipo Smith njira yake yopita ku mafilimu inayambira m'buku. Ngati mungafune wothandiza kuwerenga zolemba zimene zidzabwere, ine nthawi ndili nayo ndipo ntchitoyo ndingaigwire popanda malipiro. Buku lija ndinagula mumsewu wa Cairo ndamupatsa mdzukulu wanga wa Giredi 11 kuti awerenge, ndipo ndamuuza kuti akamaliza tidzakhale pansi andiuze zimene Mbejane akanafotokoza akanapatsidwa mpata woyankhula yekha. Zimene adzalembe ndidzazitumiza kwa inu.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pa ntchito,
Chilenje, Lusaka.